Wolimba ku Zonse

Tsiku limene adokotala ananena mawu aja ine kunalibe. Mwana wathu Dayanis anali ndi chimfine, ndipo khanda supita nalo kuchipatala kuti likatole zina. Amene anali pambali pa bedi la mwamuna wanga Deimer anali mayi ake, apongozi anga a Eduviges. Iwo ndiwo anamva, iwo ndiwo anabwera nawo uthengawo kunyumba, nkhope ili ngwee ngati akuchokera kuphwando.

"Yarledis! Ika khofi pamoto, uitane aneba. Mwana wanga wakhoza mayeso."

"Mayeso ati, amayi?"

"Suja anatenga mafinya a pamwendo kukapima? Zatuluka. Kadokotala kaja ka ndevu kaima kumiyendo kwa bedi, kakuuza anzake, ine ndikumva ndi makutu angawa. Akuti resistente. Ku zonse! Mpaka kabwereza, ku zonse."

Resistente ndi mawu amene kuno ku Sincelejo timanenera bulu wosatopa, nsapato yosang'ambika, tayala lopirira miyala. Wolimba, wosagonja. Ndipo ngati panali munthu woyenera mawu amenewo anali Deimer. Pachikondwerero cha ng'ombe cha mu Januwale, nkhunzi inamunyamula ndi nyanga m'nthiti n'kumuponyera kumpanda, koma ulusi usanachotsedwe iye anali atabwerera kale panjinga yake yamoto kunyamula anthu. Anzake akabaza ankamutchula kuti Bulu. Lole ya ng'ombe itamugunda pamphambano, fupa la msongolo wakumanzere n'kutulukira kunja, anthu sanafunse kuti apulumuka kodi. Ankangofunsa kuti atuluka liti.

Koma sanatuluke. Anamumanga zitsulo zolowa mpaka m'fupa, masabata n'kumapita, bala osatseka. Linayamba kutulutsa madzi, kenako fungo. Ankasintha mankhwala a m'diripi, malungo n'kutsika pang'ono, n'kubwereranso.

Ndiye madzulo amenewo inenso ndinakhulupirira. Ndinakazinga ma arepa onse, zitumbuwa zathu za chimanga, amene ndinkati ndikagulitse m'mawa, Ferney mnzake wa Deimer anabwera ndi akabaza ena, anayatsa nyimbo mpaka aneba akutali anabwera kudzafunsa kuti wabadwa ndani. Sukulu ndinasiyira panjira mimba itaoneka, koma ngakhale ndikanamaliza, mawuwo ndi omwewo. Palibe anafunsa funso limodzi lokha: wolimbayo ndani? Kadokotala kaja sikanatchule dzina.

M'mawa mwake ndinapeza amuchotsa m'wodi ya anthu ambiri, amuika m'kachipinda kayekha kumapeto kwa khonde.

"Waona?" anatero apongozi. "Chipinda chakechake, ngati bwana wa ng'ombe."

Pakhomo namwino anandiimitsa. Anandiveka chimkanjo cha pepala ndi magolovesi, n'kunena kuti potuluka ndivulire pomwepo, ndisambe m'manja mpaka m'zigongono, ndisagwire wodwala wina aliyense. Mayi wokolopa anali ndi ndowa yakeyake ya chipinda chimenecho, ya jiki woboola mphuno. Ngakhale kachitsulo koyezera kutentha kwa thupi sikankatuluka mmenemo. Ine ndagwirapo ntchito m'nyumba za anthu. Mbale akaipatula pa zinzake n'kuipatsa siponji yakeyake, sikuti aikonda.

Ndinafunsa kuti wamkulu wa matenda a mabala oola ndani, anandilozera mayi wina wamfupi wa imvi zometa, dokotala Paternina. Ndinamutsekera njira pamasitepe.

"Adokotala, ndine mkazi wa Deimer Arrieta, wa mwendo uja. Ngati ali wolimba, bwanji mukumuopa?"

"Wolimba ndani?"

"Deimer. Anzanu ananena okha dzulo. Resistente, ku zonse."

Anavula magalasi n'kutsinzina kanthawi. Kenako anandigwira pamkono, tinakhala pansi pamasitepe pomwepo, anthu akutilambalala.

"Mayi, wolimbayo si mwamuna wanu. Ndi kachilombo kamene kali m'fupa mwake."

Sindinalire. Ndinati afotokoze bwinobwino, ngati akufotokozera munthu wogulitsa zokazinga, chifukwa ndine amene.

"Mankhwala athu ambiri ali ngati khwekhwe," anatero. "Amakola kachilombo, n'kukalepheretsa kumanga khoma lake, kenako kamaphulika. Koma aka kamatulutsa timadzi tina, timati enzaimu. Muziti chikwanje. Khwekhwe likangofika, kamalidula lisanakole kanthu. Mankhwala amalowa m'thupi bwinobwino, koma pofika pafupa amakhala zingwe zodukaduka."

"Ndiye onjezani. Thirani ambiri."

"Chikwanje sichitha ndi kudula chingwe. Alipo mankhwala atsopano amene amabwera ndi chobunthitsira chikwanjecho. Tinawaganizira. Koma aka kali ndi zikwanje ziwiri zosiyana, ndipo chachiwiricho sichibuntha ndi zimene tili nazo."

"Kanazitenga kuti?"

"Kwa anzake. Tizilombo timabwerekana zida ngati aneba pampanda, ngakhale tisali pachibale."

"Muno m'chipatala?"

Anavalanso magalasi. "Kumene kuli mankhwala ambiri ndi kumene kumatsala todziwa kudula. Bala linali lotseguka nthawi yaitali. Sindingakunamizeni."

Anati kwatsala mankhwala amodzi akalekale, amene madokotala anawasiya chifukwa amawotcha impso, ndipo m'fupa safikamo bwino. Ayamba kale kumupatsa. Koma chimene iye ankachikhulupirira chinali china: kudula mwendo pamwamba pa bondo, panopa, kachilombo kakadali m'fupa, kasanalowe m'magazi.

"Madokotala a mafupa amuuza m'mawa uno. Wakana, akuseka. Tsopano ndadziwa chimene amaseka."

Ndinamukoka mpaka kuchipinda chija kuti akanene yekha. Ananena zonse, mofatsa, chikwanje ndi khwekhwe zomwe. Deimer ankangoyang'ana kudenga. Amene anayankha ndi apongozi.

"Pepani adokotala, ine sukulu sindinapite, koma makutu ndili nawo. Dzulo wolimba, lero mwabwera ndi macheka?"

"Amayi, mawu aja ankanena kachilombo."

"Kachilombo ndiko kanagona pabedipa? Mnyamata wanu uja anaima kumiyendo kwa ndani? Ankaloza ndani ndi cholembera?"

"Tinalakwa polankhula pamwamba panu m'malo molankhula nanu. Koma zimene ndikunenazi ndi zoona."

Atatuluka, apongozi anatsonya. "Ali ndi ana asukulu ofuna kuphunzira kudula. Akadule wa amayi awo."

Mawu oyamba aja anali atalowa kale, ndipo anali okoma. Achiwiriwa anapeza pakhomo patsekedwa.

Tsiku lotsatira ndinadikira kuti apongozi apite kutchalitchi. Ndinalowa ndi chinangwa chophika ndi chambiko, zimene ankazikonda.

"Taonani, wavala ngati wogulitsa nyama," anatero Deimer.

"Ndabwera kudzaona nyama yanga. Yayamba kununkha."

"Ndiwe mfiti iwe. Bweretsa chinangwacho."

Anadya pang'ono n'kukankha mbale. Milomo yake inali itachita dzanzi chifukwa cha mankhwala aja, ankangoinyambita.

"Deimer, chilazi chikayamba kuola kumapeto umatani?"

"Ine ndine chilazi?"

"Chilazi chili bwino, sichiyankha."

"Tamvera, Yarle. Giya umaponda ndi mwendo uti? Wakumanzere. Unamuonapo wakabaza wa mwendo umodzi?"

"Ayi. Ndinaonapo ana amasiye. Amabwera pachiwaya changa kudzapempha nyenyeswa."

"Ndidzakhala pakhonde ngati mphika wa maluwa, iwe n'kumandiyang'ana. Chaka sichidzatha, udzakwera njinga ya wina."

"Ndikanafuna miyendo ndikanakwatiwa ndi bongololo."

Anaseka mpaka zitsulo zija zinagwedezeka, n'kubuula. Kenako anatembenukira kukhoma.

"Nkhunzi ija ndinaiona ikubwera. Lole ndinaiona. Ichi mukunenachi tandionetsani."

"Nunkhiza."

"Apatse mankhwalawa mpata. Ine sindigwa ndi zinthu zazing'ono, ukudziwa."

Wina akanakhala mbali yanga, mwina akanamva. Koma tauni yonse inali itamva kale uthenga wa apongozi. Lamlungu akabaza anabwera gulu. Sanaloledwe kulowa, ndiye anaima pakhomo n'kumakuwa.

"Bulu! Akuti wagonjetsa labotale yonse!"

"Akuti makina opimira anapsa ataona magazi ako, aise!"

Ferney anakweza foni kuti Deimer aone ali pabedi. Akabazawo anali atasonkherana n'kukonzetsa njinga ya Deimer, yapentedwa mwatsopano, ndipo pathanki analembapo zilembo zofiira zikuluzikulu: RESISTENTE. Deimer anakweza chibakera. Maso ake anali achikasu, koma ankamwetulira ngati mwana.

Ndinamutsatira Ferney pakhonde.

"Mukumupha ndi matamando anuwo."

"Aa, alamu, musatero. Munthu tikumulimbitsa mtima."

"Kamuuze kuti adule mwendo. Iwe akumvera."

"Ine? Ndikauze Bulu kuti apereke mwendo chifukwa cha kanthu kosaoneka ndi maso? Alamu, akandimenya ndi wotsalawo."

Anaseka yekha, ataona kuti sindikuseka anakanda m'mutu n'kuthamangira anzake.

Apongozi nawo sanangokhala. Kwathu ukapita kusitolo ya mankhwala uli ndi chimfine umangoti ndipatseni ukwati, amakupatsa kapisozi wa tizilombo ndi piritsi la chimfine, awiriawiri m'kapepala. Tsiku lina ndinawapeza atamasula bandeji, akutsegula makapisozi a ukwati n'kumawaza ufa wake pabala, pomwe chitsulo chimalowera.

"Amayi, amenewo kamawadula katatsinzina."

"Ndinamulera ndi amenewa, iwe usanabadwe. Zipsera zake zonse zinapola ndi ufa umenewu. Iwe ukungofuna mwamuna wosayenda kuti uzimudziwa komwe ali."

Ndinawalanda kapepalako n'kukaponya m'bini. Sanandilankhule mpaka sabata linatha, ndipo m'nyumba timakhalamo ndi mwawo.

Ine zolemba za madokotala sindinkazitsatira. Ndinkayang'ana thumba la mkodzo limene linkalendewera m'mbali mwa bedi. Poyamba ndinkalipeza litadzaza. Kenako theka. Kenako kamkodzo kakuda ngati khofi kumunsi kwenikweni, ndipo tsiku lonse osakwera. Mapazi ndi nkhope zinatupa. Dokotala Paternina anaima pakhomo atavala chimkanjo chake n'kunena kuti impso zikutseka, akuyenera kuchepetsa mankhwala aja.

"Akachepa, kachilombo kapeza mpata. Bambo Arrieta, ndikupemphaninso."

"Mawa, adokotala," anatero Deimer. "Tione mawa."

Makanda salowa m'mbali imeneyo ya chipatala. Koma zenera la kachipinda kaja linkayang'ana kubwalo lakumbuyo, kumene amayanika nsalu za pabedi. Masana ena ndinalowera kugeti la zinyalala Dayanis ali m'manja, ndinadutsa pakati pa nsalu zonyowa, n'kugogoda pagalasi. Deimer anadzutsa mutu. Anali asanamuone mwanayo chigonekeredwe. Anamusiya wosakhazika khosi, tsopano anali ndi timano tiwiri ndipo ankagwira chilichonse. Ndinamukweza m'mwamba. Anamenya galasi ndi kadzanja kake, n'kusiya malovu pamenepo.

Ndinamugwira choncho mpaka mikono inanjenjemera, mlonda n'kubwera kudzatithamangitsa.

Nditamusiya mwanayo kwa mayi wogulitsa zipatso pageti n'kulowa mkati, ndinapeza Deimer akunjenjemera, mano akugundana, bedi lonse likulira. Kunja dzuwa linali lophulitsa miyala, iye akupempha bulangete.

"Wafanana ndi ine, mwatsoka lake," anatero.

"Mphuno yokha."

"Yarle. Kawauze adule."

Apongozi anali pampando pakona. Anaimirira, korona ili m'manja.

"Mwana wanga, akupusitsa! Iwe ndiwe wolimba, ananena okha!"

"Ndatopa nako kulimba, amayi." Anandiyang'ana. "Nsapato zakumanzere usataye. Ukagulitse kwa wina amene anadula wakumanja."

Ndinathamanga pakhonde chimkanjo chili m'thupi, namwino akundikuwira kuti ndivule.

Anadula tsiku lomwelo. Asanapite naye anamutenga magazi m'timabotolo kuti akapime. Atatsitsimuka anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, machubu paliponse, makina ena akugwira ntchito ya impso. Anandilola kulowa kwa kanthawi. Pansi pa nsalu, pomwe panali zitsulo ndi fungo, panali pathyathyathya.

"Chala chachikulu chikuyabwa," ananong'ona. "Tandikanda."

"Chiti?"

"Chomwe kulibecho."

Ndinakanda matiresi pamalo pamene chikanakhala. Anati, "Apo, apo," n'kugona.

Ndinayamba kuganiza za mmene tizikhalira. Ndinayeza chitseko cha bafa ndi chingwe. Ndinafunsa kalipentala za kutsetsereka kwa pakhomo. Ndinkati iye azikhala pachiwaya akukazinga, pakamwa pake paja makasitomala sangachoke, ine ndiziyenda ndi dengu. Zinali zotheka. Mpaka lero ndikaziwerengera ndimaona kuti zinali zotheka.

Dokotala Paternina anandipeza pamasitepe omwe aja. Sanakhale pansi.

"M'timabotolo ta magazi tija mwamera kachilombo," anatero. "Kunjenjemera kuja kanali katalowa kale m'magazi."

"Komwe kaja?"

"Komweko."

"Resistente."

Anagwedeza mutu movomera.

"Akanavomera tsiku loyamba lija?"

"Sindingalumbire, mayi."

"Sindinati mulumbire."

"Mwayi unali waukulu."

Anayesa. Anasakaniza mankhwala awiri, kenako atatu, akuti mwina chikwanje chikatanganidwa ndi chingwe chimodzi china chidutsa. Deimer sanalankhulenso. Anamwalira Lachinayi masana, ine ndili panja ndikuyamwitsa mwana pansi pa mtengo wa mango. Namwino anabwera kudzandiitana, ndipo nditaona kuti sakundiuza zoti ndikavale chimkanjo ndinadziwa.

Akabaza a tauni yonse anaperekeza bokosi, ma hutala akulira, msewu wonse utsi. Ferney ankakankha njinga ya Deimer ndi manja patsogolo pa onse, yopanda wokwera, zilembo zofiira zija zikuwala. Sanandiyang'ane m'maso.

Kumanda kwathu sitikumba. Bokosi amalilowetsa m'chipupa, m'kachipinda kake, mmisiri n'kutseka pakhomo ndi njerwa, n'kupaka simenti. Amene alibe mwala wozokota amalemba dzina ndi msomali simenti ikadali yaiwisi. Mmisiri atasalaza anatembenuka ndi msomali m'manja, kufuna wamasiye. Apongozi anafika msanga kuposa ine.

Analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo, chifukwa zilembo amazidziwa zochepa. DEIMER ARRIETA. Anajambula kamtanda. Ndinkati amaliza. Koma anatembenuka kuyang'ana thanki ya njinga ija, n'kuyamba kukopera m'munsi mwa dzinalo, chilembo chimodzi, kuyang'ananso, china.

Anthu anang'ung'udza movomereza. "Analidi." "Mpaka madokotala ananena." Wina kumbuyo analiza hutala.

Ine ndinali pafupi, Dayanis ali m'chiuno kumanzere, dzanja lamanja lili lopanda kanthu. Simenti inali yofewa ngati phala. Kungopititsapo chikhatho kamodzi, mawuwo akanafufutika, dzina lake n'kutsala lokha. Ndinakweza dzanja. Pamanda a mwamuna wanga anali atalembapo dzina la chimene chinamupha, ndipo anthu ankaombera m'manja.

Apongozi anabweza msomali kwa mmisiri n'kutembenuka. Anali atakalamba m'masabata amenewo, khosi litatsala mitsempha yokha. Anaona dzanja langa lili m'mwamba, anaona pamene linkaloza. Sindikudziwa ngati anamvetsa. Anapukuta zala zawo padiresi lakuda n'kutambasula manja.

"Bwera naye kuno mwanayo. Watopa."

Lolemba lotsatira ndinkayenera kuyamba ntchito kumsika, m'khitchini ya mayi wina wophika nsomba, pakati pa ziwaya za mafuta owira pomwe khanda silingakhale. Mayi anga ali kutali, ali ndi awo ana. Nyumba ndi ya a Eduviges. Manja amene akanagwira Dayanis kuyambira m'mawa mpaka madzulo anali omwewo, a simenti m'zikhadabo.

Ndinatsitsa dzanja lija, ndinagwira nalo mwana kunkhwapa, n'kumupereka.

Dzuwa la kuno silichedwetsa simenti. Pamene anthu ankamaliza nyimbo yomaliza inali itayamba kale kuyera m'mbali. Onse atatembenukira kugeti ndinatsalira pang'ono, n'kukanikiza chala pa chilembo choyamba. Sichinalowe.